Kulamulira Zipangizo Zoyezera Magetsi ndi Kompyuta



Tiyambe ndi ntchito imene ambiri mwa inu mudzaigwira. Munthu wabwera ndi batire la sola la mavolti 12, pambali pake palembedwa 100 Ah, ndipo akufuna kudziwa ngati likadali ndi mphamvu imene analigulira. Kungoligunda ndi multimeter kamodzi sikungakuuzeni zoona, poti ngakhale batire lofooka limaonetsa mavolti abwino likangochoka pa chaja. Njira yodalirika n'kulitchaja lidzaze, kenako n'kumalikoka ma ampu 5 osalekeza, uku mukuwerenga nthawi imene litenge kuti litsike kufika pa mavolti 10.5. Ngati lilidi la 100 Ah, lipirira maola pafupifupi 20. Pamenepo pafunika munthu wokhala pa benchi ndi kope, cholembera ndi wotchi, usana ndi usiku. Ndipo batire lotere limatsika pang'onopang'ono kwa maola ambiri, koma likayandikira kumapeto limagwa mofulumira, mwakuti nthawi imene manambala akufunika kwambiri ndi imenenso wolemba uja watopa, tulo tamugwira.

Kompyuta ilibe tulo. Mukailumikiza ku multimeter ija ikhoza kuwerenga masekondi 10 aliwonse, ndipo pakutha pa maola 20 mupeza manambala 7,200 ali m'fayilo, iliyonse ndi nthawi yake. Koma mmisiri wa pa benchi, ngakhale akusinza, ali ndi chinthu chimene kompyuta ilibe: amakayika. Akaona nambala yachilendo amadzuka, n'kuyang'ana ngati waya wina wachoka, n'kuyezanso. Kompyuta imangolemba chilichonse chimene yalandira. Nkhani yanga yagona pamenepa. Mukachoka pa benchi n'kusiyira kompyuta ntchito, kukayika kwanu kuja muyenera kukulemba m'pulogalamu, apo ayi mudzakhala ndi manambala masauzande oti simungawakhulupirire.

Kuti timvetse bwino, tione kaye kumene luso limeneli linachokera. Kampani ya Hewlett-Packard inayambitsidwa ndi Bill Hewlett ndi David Packard mu 1939, m'galaja ku Palo Alto, m'chigawo cha California ku America. Kuno dzina la HP timalidziwira pa maprinta ndi malaputopu, koma kwa zaka zambiri ntchito yake yaikulu inali kupanga zipangizo za pa benchi la mmisiri. Nthambi imeneyi inapatuka mu 1999 n'kutchedwa Agilent, ndipo mu 2014 inapatukanso n'kukhala Keysight. N'chifukwa chake multimeter yotchuka ya 34401A mungaipeze ndi mayina atatu kutsogolo kwake, koma ili imodzimodzi.

M'zaka za m'ma 1960, chipangizo chilichonse chinkabwera ndi pulagi yakeyake ndi mawaya akeake, ndipo wofuna kulumikiza zipangizo zitatu ku kompyuta ankayamba wapanga njira zitatu zosiyana. Akatswiri a HP anakonza chingwe chimodzi choti zipangizo zonse zizigwiritsa ntchito, nachitcha HP-IB. Makampani ena anachikonda, ndipo mu 1975 bungwe la IEEE linachivomereza kukhala muyezo wa onse, IEEE 488. Masiku ano ambiri amangoti GPIB. Chinafika ngakhale m'nyumba za anthu: kompyuta ya Commodore PET ya mu 1977 inkalumikizidwa ku printa yake kudzera pa njira yomweyi.

Mukachigwira chingwe cha GPIB muona kuti n'chonenepa ngati chala, cholimba, ndipo pulagi yake ili ndi nkhope ziwiri, kutsogolo yolowetsa, kumbuyo yolandira, kuti pulagi ina izikwera pamsana pa inzake. Ili ndi mapini 24. Mawaya 8 amanyamula uthenga, 3 ndi ogwirizanitsa woyankhula ndi omvera, 5 ndi oyendetsera dongosolo, ndipo 8 otsalawo ndi a ground. Pa chingwe chimodzi pamakwana zipangizo 15, kuwerengera kompyuta yomwe, ndipo utali wonse usapitirire mamita 20. Chilichonse chimapatsidwa adiresi, nambala ya pakati pa 0 ndi 30. Multimeter ya 34401A inkachoka ku fakitale ili pa 22. Onaninso zomangira za pulagi. Zakuda n'za muyezo wa mamilimita, zoyera ngati siliva n'za muyezo wakale wa mainchi, ndipo mukakakamiza china pa chinzake mupha mazinga.

Dongosolo lake likufanana ndi la pabwalo la amfumu. Pali mmodzi wopereka mpata, amene nthawi zambiri ndi kompyuta. Pali woyankhula mmodzi yekha pa nthawi, ndipo omvera akhoza kukhala angapo. Amene sanatchulidwe amakhala chete. Chipangizo chikakhala ndi nkhani yofulumira, kaya chamaliza kuyeza kaya chaona vuto, sichidula mawu a wina. Chimakweza dzanja kudzera pa waya wotchedwa SRQ, ndipo kompyuta imafunsa kuti wakweza dzanjayo ndani.

Koma chimene ndimachilemekeza kwambiri m'chingwe chimenechi ndi mawaya atatu aja, NRFD, DAV ndi NDAC, ndipo ndikupempha kuti apa mutchere khutu. Uthenga umayenda byte imodzi imodzi, ndiko kuti chilembo chimodzi pa nthawi. Woyankhula asananene kuti byte yake yakonzeka, amayang'ana pa NRFD. Womvera aliyense amene sanakonzeke amakokera waya ameneyu pansi, ku mavolti otsika, ndipo mawayawa anawalumikiza mwakuti ngakhale mmodzi yekha akadakoka, wayayo sakwera. Onse akasiya, woyankhula amagwetsa DAV, kutanthauza kuti zimene zili pa mawaya 8 aja tsopano n'zoona, werengani. Kenako amadikiranso pa NDAC, waya amene sakwera mpaka womvera womaliza atalandira. Akatero m'pamene amachotsa byte ija n'kukonza yotsatira. Zimenezi zimachitika pa chilembo chilichonse, ndipo liwiro likhoza kufika pafupifupi ma byte miliyoni imodzi pa sekondi, koma amene amalamula liwirolo ndi womvera wochedwetsetsa. Chipangizo chakale chochedwa ndi chatsopano chothamanga zimakhala pa chingwe chimodzi popanda chilembo kutayika. Amene anakonza zimenezi sanangoganiza kuti uthenga wafika. Anaika m'mawaya momwemo njira yofunsira ngati wafikadi. Chimene iwo anachita pa chilembo chimodzi, ife tiyenera kuchichita pa muyezo wonse.

Muyezo wa 1975 unangonena za mawaya ndi kayendedwe ka ma byte. Sunanene mawu oti zipangizo zizilankhulana nawo. Multimeter yakale ya HP 3478A, mwachitsanzo, mumaiuza kuti F1 kuti iyeze mavolti a DC, RA kuti idzisankhire yokha mlingo, ndipo ya kampani ina inali ndi zilembo zakezake. Mukasintha chipangizo, pulogalamu yonse munkailembanso. Mu 1987 kunabwera IEEE 488.2, imene inakhazikitsa malamulo ochepa oti chipangizo chilichonse chiziwamva, oyamba ndi kanyenyezi. *RST imabwezera chipangizo mmene chimayambira. *IDN? imachifunsa kuti ndiwe yani, ndipo chimayankha dzina la kampani, mtundu wake, nambala yakeyake ndi pulogalamu imene ili m'kati mwake. Mu 1990 makampani anagwirizana pa chiyankhulo chokulirapo, SCPI. Mukalemba MEAS:VOLT:DC? multimeter iliyonse yomva SCPI iyeza mavolti a DC n'kukuyankhani motere: +1.25430000E+01, ndiko kuti mavolti 12.543.

Zotsatira zake ndizidutsa mwachangu. Chiyankhulo chitasiyana ndi chingwe, mawu omwewo anayamba kuyenda pa RS-232, pa USB, ndi pa netiweki ya Ethernet, makamaka chikhazikitsireni muyezo wa LXI mu 2005. Pakati pa pulogalamu yanu ndi zingwe zonsezi pamakhala VISA, imene imakulolani kutchula chipangizo ndi dzina monga GPIB0::22::INSTR, ndipo tsiku limene mwachisamutsira pa netiweki mumangosintha dzinalo basi. Kampani ya National Instruments ya ku Austin, Texas, imene inayamba mu 1976 ndi kupanga makadi a GPIB, inatulutsa LabVIEW mu 1986, pulogalamu yolemba pojambula mabokosi ndi mizere. Ndi yabwino koma imafuna ndalama. Kwa ife, Python ndi PyVISA n'zaulere, ndipo mizere yosakwana 10 ikukwanirani kuti mutsegule chipangizo, muchifunse funso, mulembe yankho m'fayilo. Ine ndimalimbikitsa wophunzira aliyense kuyambira pamenepo, chifukwa umaona ndi maso mawu enieni amene akupita ndi amene akubwera.

Mizere 10 imeneyo imagwira ntchito pamene zonse zili bwino. Tiyeni tibwerere ku batire lija tione zimene zimachitika zikapanda kukhala bwino.

Mwaika multimeter pa mlingo wa mavolti 10, pomwe batire lodzaza lili pamwamba pa 12.5. Mukanakhala pa benchi mukanaona mawu oti OVLD akuwala n'kusintha msanga. Kudzera pa chingwe, chipangizocho chimatumiza nambala, +9.90000000E+37, imene mu SCPI imatanthauza kuti muyezo wapitirira mlingo. Kwa kompyuta imeneyi ndi nambala ngati ina iliyonse. Iilemba m'fayilo, iiphatikiza ndi zinzake powerengera, ndipo pulogalamu yodikira kuti mavolti atsike pansi pa 10.5 siidzaona chifukwa choimira. Mzere umodzi wofunsa ngati yankho likuposa malire omveka ndi wokwanira kuteteza zonsezi.

Chimodzimodzi mukalakwitsa chilembo m'lamulo. Chipangizo sichiimitsa pulogalamu yanu. Chimangosunga dandaulo lake pamndandanda wa m'kati, n'kupitiriza ndi makonzedwe akale. Munafuna chisinthe mlingo, sichinasinthe, ndipo inu simukudziwa. Mukachifunsa kuti SYST:ERR? m'pamene chimaulula, mwina -113 kutanthauza kuti lamulolo sichikulidziwa, kapena 0 ngati palibe vuto. Muzifunsa funso limeneli mukangomaliza kukonza chipangizo, musanayambe kuyeza, ndipo muzibwereza mpaka yankho likhale 0, poti madandaulo amatuluka limodzi limodzi.

Kenako pali nkhani ya nthawi, imene imakhudzana ndi magetsi athu. Magetsi a m'makoma mwathu ndi a mavolti 230, osinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kusinthasintha kumeneku kumadontha m'mawaya anu oyezera ngati phokoso. Multimeter yabwino imathana ndi phokosoli poyeza kwa nthawi yofanana ndendende ndi kuzungulira kwathunthu kwa magetsiwo, kumene kuno ndi mamilisekondi 20, kuti mbali yokwera ndi yotsika zithetsane. Makonzedwe amenewa amatchedwa NPLC. Mukasankha 1 muyezo umafulumira. Mukasankha 100 umakhala wodekha kwambiri koma umatenga masekondi 2, ndipo umaposa apo ngati chipangizo chikudziyezanso chokha pakati. Tsono PyVISA, mukapanda kuiuza zina, imadikira yankho masekondi 2 okha n'kutaya mtima. Ngati pulogalamu yanu ingonyalanyaza n'kufunsa funso lotsatira, ndipo mukudzera pa RS-232 kapena pa netiweki mwachindunji, yankho lochedwa lija limafika n'kukhala pamzere. Kuyambira pamenepo funso lililonse limalandira yankho la funso lam'mbuyo. Ngati munkafunsa mavolti ndi ma ampu mosinthana, manambala a ma ampu alowa m'danga la mavolti mpaka kucha. Choncho nthawi yodikira muziiwerengera kuchokera ku nthawi imene muyezo umatenga, ndipo kukachitika kuti yatha, yeretsani njira musanafunsenso.

Pa mfundo yomweyi ndiikepo chenjezo kwa amene mumagula zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku America, kumene magetsi ndi a mavolti 120, osintha ka 60 pa sekondi. Musanalowetse pulagi pakhoma, tembenuzani chipangizocho muone kumbuyo ngati chaikidwa pa mavolti athu ndiponso ngati fuzi yake ndi yoyenera. Zina zimazindikira zokha ngati magetsi ndi a 50 kapena 60, koma zina zakale monga 3478A zili ndi kaswitchi kumbuyo koti musinthe ndi dzanja. Mukakaiwala, chipangizocho chiyaka bwinobwino, chiyankha mafunso onse, koma manambala ake azivina. Sindikunena kuti muziope zipangizo zakale. Zambiri n'zolimba ndi zolondola kuposa zatsopano zotchipa, ndipo kachipangizo kosinthira GPIB kupita ku USB kamaziyankhulitsa ndi laputopu ya lero.

Nanga magetsi akathima pakati pa usiku? Laputopu ili ndi batire lake, ipitiriza. Multimeter izima, ndipo magetsi akabwera iyaka ili pa makonzedwe oyambira, osati amene munaikonzera madzulo. Iyankha monga kale, ndipo m'fayilo simudzaona chizindikiro. Amene analemba IEEE 488.2 anaganizira zimenezi. Mukafunsa *ESR? chipangizo chimayankha nambala, ndipo ngati m'nambalamo muli 128, ndiye kuti chinazima n'kuyakanso chifunsireni komaliza. Kwa ife amene timadziwa kuthimathima kwa magetsi, funso limeneli siliyenera kusowa m'pulogalamu iliyonse yoyenda usiku. Ikaona 128, ikonzenso chipangizo, ilembe m'fayilo nthawi imene zachitika, kuti wowerenga adziwe kuti pamenepa panali mpata.

Pa oscilloscope vuto limasintha mtundu, chifukwa manambala amakhala ochuluka. Kuti ziyende msanga, oscilloscope situmiza mavolti olembedwa m'zilembo, imatumiza ma byte osaphika. Uthenga umayamba ndi kamutu monga #41000. Nambala 4 ikunena kuti zilembo 4 zotsatira ndi utali, ndipo 1000 ikunena kuti kukubwera ma byte 1,000. Mu ma oscilloscope ambiri byte iliyonse ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 255, imene imangosonyeza pamene kadontho kali pagalasi. Kuti isanduke mavolti muyenera kufunsa chipangizocho manambala ochulukitsira ndi ochotsera, ndipo amenewa amasintha munthu akangopotokola batani la kutsogolo. Muziwafunsa nthawi iliyonse imene mukutenga chithunzi, osati kamodzi m'mawa. Palinso msampha wina. Byte ya mtengo 10 ndi yomwenso imatanthauza kutha kwa mzere m'mawu olembedwa. Pulogalamu yowerenga ngati ikuwerenga mawu imaima ikangokumana ndi 10 woyamba, n'kukupatsani chidutswa cha chithunzi ngati kuti n'chathunthu. Werengani ma byte amene mwalandira, muwayerekeze ndi amene kamutu kanalonjeza.

Pali zina zimene pulogalamu singazione ngakhale italembedwa mwaluso chotani. Ngati mwalumikiza multimeter kumapeto kwa mawaya okokera mphamvu m'malo mwa pa mitu ya batire penipeni, ma ampu 5 odutsa m'mawaya a ma ohm 0.05 adya mavolti 0.25, ndipo batire labwino lioneka ngati latha msanga. Zimenezi ndi za maso anu musanachoke pa benchi. Ndipo zimene mwaonazo muzilembe pamwamba pa fayilo: yankho lonse la *IDN?, mlingo, NPLC, tsiku, kutentha kwa m'chipinda, pamene mawaya anagwira, ndi tsiku limene chipangizocho chinayerekezedwa komaliza ndi muyezo wodalirika. Pa danga lililonse lembani ngati ndi mavolti kapena mamilivolti. Mwini batire akadzabwera patapita miyezi kudzatsutsa zotsatira, kapena mnzanu akadzafuna kubwereza muyezowo, mutu wa fayilowo ndi umene udzayankhe. Nambala iliyonse muziilemba m'fayilo ikangofika, osati kuzisunga zonse kuti mudzalembe pomaliza, chifukwa pulogalamu ikafa pa ola la 19 mutaya ntchito yonse.

Nditsirize ndi nkhani ya chitetezo, chifukwa kuwerenga n'kosiyana ndi kulamula. Multimeter imangoona, koma power supply ndi electronic load, chipangizo chokokera mphamvu m'batire lija, zimayatsa ndi kuzimitsa mphamvu, ndipo zikakhala m'manja mwa kompyuta zikhoza kuyaka popanda munthu kukhudza batani. Mnzanu wolowa mu labu m'mawa akaona mawaya ali phee angaganize kuti ndi ozima. Ikani chikwangwani pa benchi. Dziwaninso kuti zipangizo zambiri za pa netiweki zimalandira malamulo pa port 5025 osafunsa pasiwedi, ndiye aliyense amene ali pa netiweki yomweyo akhoza kuzilamula. Muzizipatsa netiweki yakeyake, ndipo mukafuna kuona muyezo muli kunyumba, lowani kudzera pa kompyuta ya mu labu yotetezedwa bwino, osatsegulira chipangizocho ku intaneti.

Pa batire lija, lamulo lozimitsa likakhala m'pulogalamu mokha, ndiye kuti kompyuta ikauma kapena chingwe cha USB chikasololoka, electronic load ipitiriza kukoka ma ampu 5 mpaka batire la munthu litawonongeka. Ma load ambiri amakulolani kuika malire m'kati mwake momwemo, kuti mavolti akatsika kufika pamene mwanena asiye okha kukoka, kompyuta ilipo kapena palibe, ndipo ma power supply nawonso ali ndi malire a mavolti ndi ma ampu. Yambani ndi malire amenewo. Kenako lembani pulogalamu mwakuti ikamatha, kaya yatha bwino kaya yagwa, lamulo lake lomaliza likhale lozimitsa. Ndipo musanaisiye usiku, iyeseni masana muli pomwepo. Kwezani kaye malire aja kufika pafupi ndi mavolti amene batire lili nawo, kuti musadikire maola 20. Zulani chingwe muyezo uli m'kati, muone ngati load isiya yokha ikafika pa malirewo. Zimitsani multimeter n'kuiyatsanso, mutsegule fayilo muone ngati pulogalamu yalembamo. Mukatsimikiza zonse ziwiri, bwezerani malire pa 10.5, tchajani batire lidzazenso, ndipo yambani muyezo weniweni.